Mmereka Amuika Kumbuyo

Beaumont Leys, Leicester
17 Sepitembala 2023

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi azakhali ndi onse ku Bangwe. Ife kuno tilipo, kungoti kwayamba kuzizira. Ndalemba papepala monga munanenera kuti mawu a pafoni simuwasunga. Ndijambula tsambali, msuweni wanga Tayamika akuonetsani pafoni yake.

Amalume, ndakwiya ndipo ndilibe womuuza. Amayi amabwera ku shifiti miyendo itatupa ndi kunyamula nkhalamba kunyumba yosamalira okalamba, ndiye nkhani ya mpira ndimaisiya pakhosi.

Chaka chatha ndinamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu timu yathu ya achinyamata. Chaka chino, chiyambireni ligi, sindinasewereko kutsogolo. Kochi wathu, a Dan, andiika kumbuyo chakumanzere, nambala 3. Masiku ena ndimangokhala pa benchi nditavala jekete. Nambala 9 apatsa Sohail, mnyamata wa ku Evington. Si woipa mtima, koma goloboyi akamamuthamangira amatsinzina.

Kuno amanditchula Yank chifukwa cha pasipoti yanga ya ku America, monga ku Bangwe ankanditchula Mmereka. Amaganiza kuti mpira ndinaphunzirira ku Indiana pa kapinga wothirira. Sadziwa kuti ndinachokako ndili ndi zaka zitatu, ndi kuti chigoli changa choyamba chinadutsa pakati pa njerwa ziwiri kuseri kwa chigayo, inu mukukalipa kuti ndamenya ndi chala.

M'mwezi wa Malichi akuluakulu a timu asankha oti awapatse kontirakiti ya zaka ziwiri. Otsala amangowagwira chanza, basi. Nanga andisankha bwanji ngati womwetsa zigoli pamene sakundiona ndikumwetsa?

Ndiuzeni chochita. Mundiuzenso ngati bwalo la kuchigayo likadalipo.

Ndine mphwanu,
Shepherd


Bangwe, Blantyre
9 Okutobala 2023

Mphwanga Shepherd,

Tonse tili bwino. Kalata yako yachedwa kundipeza chifukwa Tayamika analibe bandulo, ndipo atagula anayamba ndi mavidiyo ake ovina. Bwalo lija amangapo tchalitchi.

Ndawerenga kawiri, kachiwiriko nditaimirira. Kukuika iwe nambala 3 kuli ngati kugula tambala n'kumuuza kuti afungatire mazira. Ndani anakuphunzitsa kutembenuka ndi mpira difenda ali pamsana? Ndinkakuphunzitsa kuti uzikathamangitsa ana a eni m'mbali mwa bwalo? Fufuza bwino, bambo wa Sohail ameneyo ndi ndani ku timuko. Ine ndasewera zaka zambiri mu timu ya kufakitale, ndikudziwa mmene jezi zimagawidwira.

Koma tamvera. Kwa eni kulibe mkuwe. Usakafunse, usakayankhe. Mwana safunsa wamkulu kuti bwanji. Uzifika woyamba, uzichoka womaliza, nyamula mipira, tola makoni amene amandanda pabwalo pa tereningi. Akamakuyankhula, maso pansi, manja kumbuyo. Wamkulu amaona, ngakhale atakhala mzungu. Tsiku lina adzachita manyazi yekha n'kukubwezera jezi yako.

Ku bawo ndinawauza kale kuti Mmereka akusaina mu Malichi. Willie telala uja akuti azungu sangatenge mwana wa ku Bangwe. Usandiseketse ndi munthu wosoka zigamba.

Upereke moni kwa amako. Uwauze kuti mwinimbumba akadali moyo, kalata imodzi siingawathyole dzanja.

Malume ako,
Dixon


Beaumont Leys
12 Novembala 2023

Amalume,

Moni kwa nonse. Ife tili bwino.

Zonse munanena ndachita. Ndimakwera basi yoyambirira ndikaweruka kusukulu, ndimafika bwalo lisanayatsidwe magetsi. Makoni ndimatola ndine, mabotolo amadzi ndimatsuka ndine. Mlungu watha a Dan anaimitsa tereningi n'kundiloza. Anati, "Taonani Shepherd. Sadandaula. Nditamuuza kuti akhale pagolo akhoza kuvala magolovesi." Anyamata onse anaomba m'manja. Ine ndinayang'ana pansi monga munanenera.

Pa benchi sindikhalanso. Tsopano ndimasewera gemu yonse, koma kumbuyo komweko. Ndikamachita bwino m'pamene akundikhomerera pamenepo. Loweruka tinali ku Nottingham, mvula ya kuno yosagwa yosaleka ija. Ndinathamanga mbali yonse, ndinaponya mipira yabwino pakhomo pa golo, ina Sohail anangoiyang'ana ikudutsa. Ine ndinkaona pamene ndikanaima. Tinagonja. Pobwerera a Dan anandisisita paphewa n'kunena kuti ndinali wabwino kuposa onse. Wabwino pa ntchito ya wina.

Pali chinthu ndakhala ndikuona. Anzanga kochi amangomutchula Dan, ngati mnzawo wa mkalasi. Amamuyang'ana m'maso. Wina atatulutsidwa m'bwalo anaponya botolo pansi n'kufunsa chifukwa, anthu onse akumva. Ndinaganiza kuti wathamangitsidwa. Mlungu wotsatira anayamba gemu.

Za bambo wa Sohail ndafufuza. Amagulitsa matayala, ku timu sabwera n'komwe. Amene amabwera ndi agogo ake aamuna, a Imtiaz, ndipo ndi amene amanditenga pa galimoto yawo tikamasewera kutali. Anabadwira ku Limbe, anachokako ali mnyamata. Chichewa chawo n'cha m'sitolo cha kalekale. Amandifunsa ngati ku Limbe kukadali fumbi.

Amalume, ndidikire mpaka liti? Malichi sakudikira.

Shepherd


Beaumont Leys
10 Disembala 2023

Achimwene,

Muli bwanji ndi alamu ndi ana? Mwati sindilemba. Lero ndalemba, ndiye muwerenge mutakhala pansi.

Loweruka ndinapeza ofu, ndinapita kukaonera mphwanu Shepherd akusewera. Tinakwera galimoto ya a Imtiaz aja. Titaima m'mbali mwa bwalo, mphepo ikulowa mpaka m'mano, iwo anati, "Mayi, mwana wanu bwanji anakana kutsogolo? Ine mdzukulu wanga ndimamukonda, koma golo amaliopa ngati msonkho."

Ndinati, "Anakana liti?"

Iwo anati, "Sohail anafunsa kochi chifukwa chake wamupatsa 9. Kochi akuti, ndinayamba ndafunsa Shepherd, iye anati paliponse."

Achimwene, pomwepo ndinakumbukira. Ndinalipo tsiku limenelo. Munali mu Ogasiti, ligi isanayambe, mwana aliyense amalowa mu ofesi ndi kholo lake. A Dan anafunsa kuti, "Shepherd, chaka chino ukufuna kusewera pati?" Mphwanu anapinda manja, maso pansi, n'kunena kuti, "Paliponse pamene mungaone kuti m'poyenera." Ine mtima unadzadza, ndinati mwana waleredwa uyu. Ndinkadikira kuti afunsenso, kuti ayi mwana iwe, nena zakukhosi. Iwo anangolemba mu kompyuta, anati zabwino kwambiri, n'kuimirira. Ine mpaka ndinapinda bondo pakhomo pothokoza.

Anthu a kuno amafunsa kamodzi. Mlungu wanga woyamba kuntchito anandifunsa ngati ndikufuna tiyi, ndinakana mwaulemu, ndinatha shifiti yonse kukhosi kuli gwaa, anzanga akumwa pamaso panga. Chimene wanena, amatenga chomwecho.

Ndiye inu muli ku Bangwe uko mukumulembera mwana kuti maso pansi, tola makoni. Miyezi iwiri yatha akutola makoni, a Dan akuganiza kuti mwana ndi wosangalala. Palibe amene wamubera jezi. Anaipereka yekha ndi manja awiri, monga tinamuphunzitsira.

Ndamuuza Shepherd zonse titafika kunyumba. Chakudya sanadye. Wangodzitsekera kuchipinda, ndikumva kampira kakugunda khoma, ndipo aneba a kuno sachedwa kugogoda.

Musamulemberenso za kudikira.

Mlongo wanu,
Mabel


Bangwe
6 Januwale 2024

Mabel ndi Shepherd,

Chaka chabwino. Kuno mvula yadula, chimanga chayamba kupota masamba.

Mabel, kalata yako inandipweteka mutu Khirisimasi yonse. Ukundiimba mlandu wolera mwana bwino? Mwanayo anayankha monga munthu ayenera kuyankhira. Wolakwa ndi wofunsayo. Kochi wofunsa mwana kumene akufuna kusewera ndi kochi kapena wogulitsa mu lesitilanti? Chaka chonse anamuona akumwetsa zigoli, maso anali nawo. Ndipo ngati wafunsa, afunse ngati munthu. Mlendo akati ndakhuta, umachotsa mbale? Ngakhale wofunsira mbeta sabwerera pa ayi woyamba. Dziko lotani limene mawu oyamba a munthu amawatenga ngati omaliza?

Tsono tichite motere. Shepherd asapite yekha, nkhani ya mwana siyankhulidwa ndi mwana. Iwe Mabel upemphe a Imtiaz akuperekeze, popeza ndi munthu wamkulu ndipo amadziwa zakwathu ndi zakumeneko. Iwo ndiwo akayambe nkhani. Akafotokoze kuti paliponse wa kwathu satanthauza paliponse. Kochiyo akapepese, mwana abwerere kutsogolo.

Shepherd, ukhale chete mpaka akulu akambirane. Wandimva.

Dixon


Beaumont Leys
25 Febuluwale 2024

Amalume,

Moni. Pepani ndachedwa kuyankha, tinali ndi mayeso oyeserera. Pepaninso kuti sindinachite monga munanenera.

Amayi ofu ya pakati pa mlungu sanaipeze. A Imtiaz anaseka n'kunena kuti, "Ndikapemphe kuti mdzukulu wanga amuchotse? Kunyumba ndikadya kuti?" Januwale anatha choncho. Ndiye tsiku lina titamaliza tereningi ndinasiya makoni pamene anali, ndinakagogoda ndekha ku ofesi ya a Dan.

Ndinawayang'ana kumaso. Maso awo ndi obiriwira, sindinkadziwa. Ndinati, "Ine ndine nambala 9. Kumbuyo sindikufunako."

Anavula chipewa. Anati, "Chiyambire liti?"

"Chibadwire."

"Nanga bwanji sunanene? Ndinakufunsa."

"Munafunsa kamodzi."

"Ndikanafunsa kangati?"

Sankandinyoza, amalume. Sankadziwadi. Chimenechi n'chimene chinandikwiyitsa kwambiri, chifukwa munthu wosadziwa sungamukalipire. Anati ankaganiza kuti zigoli zinanditopetsa, kuti ana ena amafuna kuyesa malo atsopano, ndipo anayamikira kuti ndalimba mtima. Kundiyamikiranso.

Loweruka lotsatira anandiika kutsogolo chigawo chachiwiri. Miyendo inali itaiwala. Mpira ukatayika ndinkapezeka ndabwerera kumbuyo ndekha, ndikapita kutsogolo mbendera ya ofusayidi ili m'mwamba. Chakumapeto ndinamwetsa chimodzi ndi bondo, chonyansa, koma chinalowa. Gemu yotsatira anandipatsanso nthawi pang'ono, sindinamwetse. Yachitatu anandibwezera kumbuyo chifukwa wa kumanzere winayo anavulala.

Lachinayi anatiitana ndi amayi, Malichi asanafike n'komwe. Kontirakiti ilipo, ya zaka ziwiri. Koma ndi ya nambala 3. Akuti kutsogolo sanandione mokwanira chaka chino, ndipo mu timu ya akuluakulu muli kale anyamata a pamenepo. Akuti kumbuyo mpira ukhoza kudzandidyetsa. Ndinafunsa ngati ndingadzabwerere kutsogolo m'tsogolo muno. Anayankha mosazungulira kuti ayi, akundisainira ntchito imeneyo.

Akufuna yankho pofika pa 8 Malichi. Amayi akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ine usiku ndi usana ndikungoona mbendera ija.

Shepherd


Bangwe
3 Malichi 2024

Mphwanga,

Tili bwino. Tayamika ndamugulira ndekha bandulo kuti iyi ifike msanga.

Za kupita wekha kwa kochi tidzakambirana. Sindinaiwale.

Tsopano tamvera, apa m'pamene malume ako amadziwa. Kana. Munthu sakupatsa zaka ziwiri ngati sakukufuna. Nambala 3 imeneyo ndi mtengo woyamba, ndipo palibe amene amagulitsa mbuzi pa mtengo woyamba. Ukawathokoze mwaulemu, unene kuti ayi, utuluke. Uziyenda pang'onopang'ono, usacheuke. Usanafike pageti akuitana, ndipo 9 ili m'manja. Ndaona zimenezi kambirimbiri.

Amako asakuopseze. Mabel chiyambire ali mwana amagula chinthu pa mtengo umene wauzidwa.

Malume ako,
Dixon


Beaumont Leys
17 Malichi 2024

Amalume,

Moni kwa nonse. Kalata yanu inafika nthawi yabwino.

Ndakana. Koma ndisakunamizeni, sindinakane chifukwa cha mbuzi yanu. Ndinalowa mu ofesi muja ndikudziwa kuti sadzandiitananso. Inu simunawaone anthu amenewa, ine ndawaona.

A Dan anafunsa kuti, "Watsimikiza?" Ndinati inde. Anati akumva chisoni, anandigwira chanza, anati akhoza kundilembera kalata yabwino kulikonse kumene ndingapite. Amayi anali pampando wa pambali, chikwama chili pamiyendo. Potuluka ndinayendabe pang'onopang'ono monga munanenera, kuti musadzati sindinayese. Ndinafika pageti. Mlonda ananditsegulira. Lolemba malo aja anapatsa mnyamata wa ku Derby.

Mufunsa chifukwa chake. Chaka chino ndinayamba kudana ndi Loweruka. Ndinkadzuka n'kuvala nsapato ngati ndikupita kukalima munda wa chilango. Ndinaganiza zaka ziwiri za zimenezo, mwina khumi, ndikuonera golo patali, anthu akundiombera m'manja kuti sindidandaula. Mu Ogasiti sindinasankhe, ndinangopereka ulemu, ndipo ulemuwo unandisankhira. Ulendo uno ndinafuna kuti ngati ndikulakwitsa, ndilakwitse ndi pakamwa panga.

Ndikudziwa chimene ndataya. Anyamata amene sanapatsidwe kanthu analira m'galimoto za makolo awo, ine ndabweza chimene iwo amalirira. Sohail naye sanamutenge. Anandiuza kuti ndine chitsiru, kenaka anandigulira tchipisi.

Ku Loughborough kuli koleji yokhala ndi timu yosewera ligi yaing'ono. Malipiro palibe, ndipo ndiyenera kukhoza mayeso a mu Meyi kuti anditenge. Ndinapitako pa sitima Lachitatu kukayesedwa. Kochi wa kumeneko asanamalize moni ndinamuuza malo anga. Anati tiona. Sanalonjeze chilichonse.

Amayi sakundiyankhula. Chakudya amasiya mu fuliji, amapita ku shifiti osagogoda pachitseko changa. Muwalembere, koma musawakalipire. Ndipo ku bawo musanene kuti timu ibweranso kudzandipempha. Siibwera.

Ndine mphwanu,
Shepherd


Bangwe
14 Epulo 2024

Shepherd,

Tilipo. Chimanga chapsa, tikolola chochepa.

Ndinachedwa dala kuyankha. Ndinati ndiwapatse nthawi azunguwo achite manyazi. M'mawa uliwonse ndimamutuma Tayamika ayang'ane pafoni, mpaka wayamba kundithawa. Ndiye n'zoona, sanakuitane. Anthu opanda chisoni ngati amenewo sindinawaonepo. Mwana wawatolera makoni chaka chonse, akuti ayi kamodzi, iwo n'kutseka geti.

Koma iwenso ndakwiya nawe. Unadziwa kuti sabwera, n'kukanabe. Ine ndinkati tikutsatsana malonda, iwe ukutaya katundu mumtsinje maso ali poyera. Amako anyamula nkhalamba za eni zaka zonsezi kuti iwe udzakane zaka ziwiri? Ndawalembera. Sindinawakalipire, andikalipira ndi iwo, masamba atatu. Akuti ine ndi amene ndinakuika golo m'mutu. Ndawayankha kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Sindikudziwa ngati ifota. Mu Disembala ubwere, udzafotokoze pamaso pa mbumba yonse, ndipo usadzandiyang'ane m'maso ngati ndine Dan.

Mayeso amenewo ukhoze. Ukalephera usadzandilembere.

Chinthu china. Ligi zazing'onozo madifenda ake ndi akuluakulu, ena ali ndi ana kunyumba, adzakuponda dala kuti aone ngati ulira. Timu yawo ikamathamangathamanga gemu isanayambe, usamacheze. Uziyang'ana awiri a pakati aja, uone amene akutembenuka mochedwa. Ukamupeza, ukaime paphewa pake, mbali imene mwendo wake uli wofooka, ndipo usachokepo ngakhale akutukwanire amako.

Malume ako,
Dixon